Mpheta Zatera pa Wailesi ya Mayi Edesi

Lachitatu lapitali ndinaona mpheta zitatu zitatera pa wailesi imene inkazikuwira kuti zichoke. Imodzi inali pamlongoti penipeni, ikudzikonza nthenga. Wailesiyo inkachita kung'ambika ndi kukuwa, koma mbalamezo zinalibe nazo ntchito. Ine ndinaima m'matope a m'dambo la mpunga kufupi ndi nyanja ya Chilwa, nsapato zili m'manja, manyazi atandigwira. Pajatu mawu amene ankatuluka m'wailesimo ndinawajambula ndine.

Ndiyambe poyambira.

Inu amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti ndine mphunzitsi, kwathu ndi ku Ntchisi, koma ntchito inandiponya kuno ku Chiringa zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Chimene simudziwa n'chakuti m'chipinda chimene ena akanagonekamo alendo, ine ndinagonekamo kompyuta. Ndi yakalekale, ya chibokosi, ndipo ikamayaka imalira ngati chigayo cha patali. Kumbuyo kwake kuli timabowo titatu: kapinki kolowetsapo maikolofoni, kabuluu kolowetsapo chingwe chochokera ku wailesi kapena ku kiyibodi, ndi kobiriwira ka masipika. Loweruka kumabwera makwaya a m'mipingo ya kuno, ine n'kukoleka mabulangeti m'mazenera, n'kuwajambula. Mayi a kunyumba amati ndili pa mitala, ndipo mkazi wamng'onoyo ndi amene amafunda mabulangeti abwino.

Ndili ndi nthenda imodzi: ndimadana ndi phokoso. Tambala akalira pakati pa nyimbo, timayambiranso. Wina akatsokomola, timayambiranso. Ndikufuna mukumbukire nthendayi, chifukwa ndi imene yandichititsa manyazi.

Masabata anayi apitawo kunabwera mayi Edesi. Amenewa ndi mlimi wa mpunga wa kunyanja, ndipo chaka chilichonse amatibweretsera mpunga wonunkhira akamabwera ku msika. Mawu awo ndi a mtundu wina. Akati "Odi!" ali kumsewu, ife timayankha tili kuseri kwa nyumba. Pakhosi pawo pamakhala mpango nthawi zonse, kukhale dzuwa kukhale mvula, chifukwa cha chithokomiro chimene chakhala chikukula pang'onopang'ono.

Tsikulo anabwera opanda thumba.

"Aphunzitsi, ndamva kuti inu mumatsekera mawu m'makina."

"Timajambula, mayi. Mwayamba kwaya?"

"Iyayi. Ndikufuna munditsekere kukuwa kwanga."

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Anafotokoza kuti atadikira nthawi yaitali, a chipatala cha m'tauni awapatsa tsiku la opaleshoni. Dokotala sanawabisire: mawu akhoza kubwerera, akhoza kubwerera aang'ono, ndipo mulimonsemo kukuwa aiwale kaye kwa miyezi ingapo. Tsono tsikulo linagwa nthawi imene mpunga wayamba kuchita mkaka, nthawi imene mpheta zimaukonda kwambiri. Amuna awo ali kunyanja, m'zimbowera zija asodzi amagonamo pamwamba pa madzi, ndipo sangasiye maukonde. Ana onse anakula, ali kutali.

"Munda ukangokhala chete masiku atatu, mpheta zimauzana," anatero. "Ndikabwerako ndidzapeza mapesi okhaokha. Ndili ndi kawailesi ka sola kolowa memore khadi. Mundiikire mawu anga m'menemo. A Feliya, anzanga a munda wa pafupi, azikayatsa m'mawa."

Ine mtima unadumpha. Zaka zonsezi ndakhala ndikujambula "Aleluya" wa anthu osagwirizana mawu, lero kwabwera ntchito yoti makina anga apulumutse chakudya cha munthu. Ndinawalowetsa m'chipinda muja mwachangu, ndinalowetsa maikolofoni m'kabowo kapinki, n'kuwaonetsa timizere tobiriwira timene timadumpha pagalasi munthu akamalankhula.

Mpando anaukana, anakhala pansi. Ndinatsitsa maikolofoni mpaka pakamwa pawo.

"Kuwani, mayi."

Anakonza mpango, anakonzanso chitenje, n'kuyeretsa kukhosi.

"Choyamba ndithokoze Mulungu amene watisunga ndi moyo. Chachiwiri ndithokoze aphunzitsi ndi amayi a pakhomo pano..."

Ndinawaimitsa. Mayi a kunyumba, amene anali pakhomo, anathawira kukhitchini kukasekera komweko.

Koma tisawaseke mayi Edesi okha. Ndani wa ife sadwala matendawa? Mupatseni Mmalawi maikolofoni, muone. Munthu amene posachedwapa amakalipira mbuzi ndi mawu ake enieni, akangogwira kachitsulo kameneka amasanduka wina. Msana umawongoka, mawu amavala jekete, ndipo amayamba kulonjera anthu amene palibe. Tonsefe tili ndi mawu awiri, a kumunda ndi a pamaso pa anthu. A pamaso pa anthuwo ndi amene timawasunga m'makina.

Tinayesanso. Ulendo uno anati, "Choka," mofatsa, monga mmene munthu amauzira mphaka wa eni ake. Timizere tija tinangogwedera pang'ono.

"Mokweza, mayi. Ngati muli kudambo."

Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti avine m'tchalitchi.

"Aphunzitsi, ndingakuwe bwanji m'nyumba ya eni? Anthu aziti kwagwa maliro. Komanso mbalame zake zili kuti? Ine ndikuwire bulangeti?"

Ananena zoona. Ndiye poti kompyuta yanga singayende, ndinafukula m'katoni kawailesi kanga ka kaseti kamene ndinagula ndisanakwatire. Foni sindinaidalire, chifukwa ikangomva mphepo imangoti fuu. Ndinagula mabatire, ndinaveka maikolofoni sokosi yaubweya kuti mphepo isaimenye, ndipo Loweruka, tambala atangolira kachitatu, ndinapalasa njinga kulowera kunyanja.

Ngati simunaone dambo la mpunga m'mamawa, simunaone Phalombe. Nkhungu inali itagona pamwamba pa madzi, ndipo phiri la Michesi kumbuyo kwanga linkaoneka ngati likuyandama. Nsanja za oingitsa mbalame zinali apa ndi apo, iliyonse ndi munthu wake atafunda chitenje, ndipo kuchokera pansanja iliyonse panatambalala zingwe zomangirira zitini za timiyala. Kunali zii. Achule okha ndi amene ankamaliza nkhani zawo.

Kenaka dzuwa linatuluka, ndipo kuchokera m'bango munadzuka kamtambo kakuda. Kanapindika, kanatambasuka, kanatsika.

Mayi Edesi anaimirira pansanja. Sanayeretse kukhosi, sanathokoze aliyense.

"Hoooo-iyaaa! Haaa! Chokaaa!"

Tsitsi linandiima. Mawuwo anayenda pamwamba pa mpunga, anakagunda bango, n'kubwerera. Kamtambo kaja kanang'ambika pakati. Munda wa pafupi unayankha, wina unayankhanso kutsogolo, mpaka dambo lonse linadzuka. Pakati pa kukuwako ankaponyamo mawu a Chilomwe amene ine sindimva, nthawi zina ngati akutukwana, nthawi zina ngati akunyengerera. Pena ankaimba. Pena ankakhala chete nthawi yaitali, n'kudzangoti "Ha!" kamodzi kokha, ndipo zinkakwanira. Ine ndinakhala pansi pa nsanja, kawailesi kali pamiyendo, kaseti ikuzungulira. Ndinaiwala kuti ndabwera ku ntchito. Ndinkangoona ngati ndikulota, ndipo sindinkafuna kudzuka.

Kaseti itadzaza mbali zonse ziwiri, ndinabwerera kunyumba.

Apa m'pamene pamalowera kabowo kabuluu kaja. Umatenga chingwe, mbali imodzi n'kulowetsa mu wailesi potulukira mawu, mbali inayo mu kompyuta, n'kuyatsa kaseti, kompyuta n'kumamwa mawuwo pang'onopang'ono. Palibe kufulumira: kaseti ya ola limodzi imatenga ola limodzi. Ine ndi phuma langa ndinayamba ndalowetsa chingwecho m'kapinki, ndipo timizere tija tinafiira tonse, mawu n'kumatuluka ngati nsomba zikukazingidwa. Kabowo ka maikolofoni kanapangidwira mawu ofooka, ndiye ukakapatsa mawu amphamvu kale kamatsamwa. Ndinasintha, ndipo chipinda changa chinadzaza ndi dambo.

Nthenda ija inadzuka pamenepo.

Ndinamva mphepo, ndinaichotsa. Ndinamva achule, ndinawachotsa. Zitini, madzi, kuyankha kwa minda ina, zonse ndinasesa. Malo amene mayi Edesi anakhala chete ndinati n'kuwononga batire, ndinadula. Nyimbo zija ndinati mbalame sizingaope nyimbo, ndinadulanso. M'ola lathunthu ndinasankhamo kukuwa kumodzi kokongola kwambiri, koyera ngati kwa pa wailesi ya boma, n'kukubwereza kambirimbiri, mpata wake wofanana ndendende. Ndinadzitama mumtima. Sindinafunse mlimi aliyense kuti kodi mpheta imaopa chiyani kwenikweni. Akulu anati safunsa anadya phula.

Mayi Edesi anatenga memore khadi yawo, ananyamuka ulendo wa kuchipatala, ine n'kutsala ndikudzimva ngati katswiri.

M'masiku amenewo ndinkaganiza kwambiri za mawu. Tatsegulani foni yanu muone zimene zilimo. Muli nyimbo za anthu amene simunawaonepo, maulaliki, zolankhula za andale, nthabwala za anthu a kutali. Zithunzi ndiye zosawerengeka, nkhope zomwezomwezo zitaima mowongoka pa ukwati. Koma muli mawu a bambo uja amadutsa pa njinga akuitanira matemba? Muli mawu a munthu woitana bwato kutsidya? Nanga a azakhali anu akuseka pamtondo, kapena a amuna anu akuitana ng'ombe ndi mayina? Mawu amenewa timawayesa phokoso. Timaona ngati adzakhalapo mpaka kalekale, chifukwa sitinawagule.

Pamaliro timabwereka masipika akuluakulu kuti anthu asanu ndi awiri alankhule za malemu. Aliyense amamveka mpaka kumsika. Koma mwini wake, amene tasonkhanira, palibe amene ali ndi mawu ake ngakhale a "Mwadzuka bwanji". Kodi si zodabwitsa zimenezi?

Ine amene ndikulemba pano ndiye woipitsitsa. Ena sajambula chifukwa alibe makina. Ine makina ndili nawo, koma ndimathera Loweruka langa ndikuthamangitsa tambala.

Lolemba tinamva kuti mayi Edesi atuluka m'chipatala, opaleshoni yayenda bwino. Poti sukulu zili pa tchuthi, Lachitatu mayi a kunyumba anandimangira shuga ndi sopo pa keliyala kuti ndikawaone. Kunyumba kwawo sindinawapeze. Oyandikana nawo anandiuza kuti kuyambira tsiku limene anafika, m'mawa uliwonse amapita kudambo, amayatsa okha wailesi, n'kukhala pambali pake mpaka madzulo.

Ndili pa mtengo wa mgwalangwa umene uli polowera m'dambo, patali ndithu, ndinayamba kumva kukuwa kuja. Ndinamwetulira. Nditafika pafupi, kumwetulirako kunatha, chifukwa cha mpheta zitatu zija.

Mayi Edesi anali pansanja, bandeji ili pakhosi, akukoka zingwe za zitini ndi manja awiri. A Feliya, mayi wamfupi wolankhula mosapsatira, anadumpha ngalande kudzandilonjera. Mawu awo anali osasa ngati a munthu wa chimfine.

"Aphunzitsi, makina anuwa anagwira ntchito masiku anayi," anatero. "Tsiku lachisanu mbalame zinayamba kuwerengera. Ikakuwa zimadzuka pang'ono, ikangosiya zimatera. Kenaka zinasiya n'kudzuka komwe. Tinaiveka chitenje cha a Edesi, tinaisuntha uku ndi uku, koma ayi ndithu. Tsobola wakale sawawa."

"Nanga mpunga?"

"Ngodya iyo yapita. Kwinaku tinagawana, ine m'mawa, ena masana. Simukumva mmene mawu anga atheramu?"

Ndinayang'ana ngodyayo. Ngala zinali zitaima njo, zoyera, zopanda kanthu. Sinali yaikulu, koma inali chakudya cha masabata angapo, ndipo inandipweteka ngati ndadya ndine.

"Munthu amakuwa akaona mbalame," anapitiriza a Feliya. "Wailesi yanuyi imakuwa poti nthawi yakwana. Mpheta si yopusa."

Ndinakwera pansanja kukapepesa. Mayi Edesi anandigwira dzanja, n'kundikokera pafupi kuti ndimve. Mawu awo anali kamphepo chabe. Munthu amene ankalonjera ali kumsewu, tsopano ndinachita kutchera khutu pakamwa pake.

"Musadandaule. Munayesetsa."

Pofuna kubisa manyazi, ndinayamba kubwebweta. Ndinawauza kuti m'khadimo ndinaikamonso ola lonse lija mmene linalili, losasesa, kungoti ndinaliika kumapeto poganiza kuti n'losafunika. Ndinadina batani. Mphepo inatuluka, achule, zitini, kenaka chete wautali, kenaka "Ha!" Mpheta zitatu zija zinabalalika. Sindikunena kuti zapita mpaka kalekale. Mwina pofika Lamlungu zidzakhala zitazolowera izinso. Ndinawauzanso kuti mawu awo ndi amphamvu zedi, moti ndinayamba kuwamva ndili pa mgwalangwa.

Anasiya kukoka zingwe.

"Pa mgwalangwa?" ananong'ona. "Ndimamveka mpaka kumene kuja?"

"Kupitirira apo, mayi. Simudziwa?"

"Ndingadziwe bwanji? Ndikamakuwa ndimakhala ndili pano."

Sindinaganizepo zimenezi chibadwire. Zaka zonsezi dambo lonse lakhala likuwamva mayi Edesi kuchokera patali, kupatula iwo eni.

"A Feliya, tandigwirirani zingwezi," ananong'ona. "Aphunzitsi, tiyeni ndikadzimve."

Tinakweza wailesi mpaka pamapeto, tinaisiya pansanja, n'kuyamba kuyenda. Ankayenda pang'onopang'ono m'kanjira ka pakati pa minda, dzanja limodzi lili pabandeji. Dzuwa linali litapendeka, madzi a m'ngalande akunyezimira, ndipo kutali bwato limodzi linkaoneka ngati silikuyenda. Kumbuyo kwathu mawu aja ankachepa, koma pochepapo ankafewa, ukali uja n'kumatha, n'kumatsala ngati kuitana.

Pa mgwalangwa anaima, n'kutembenuka.

Kunali chete, chete uja ndinkafuna kumutaya. Kenaka mawu anabwera pamwamba pa mpunga, aatali, ogwedera pang'ono kumapeto, ndipo pambuyo pake panatsatira kanyimbo ka Chilomwe kaja.

Mayi Edesi anagwira tsinde la mtengo. Milomo yawo inkayenda pamodzi ndi nyimboyo, koma osatulutsa kanthu. Ndinaona misozi ikutsikira pabandeji, ndipo ndinaganiza kuti akulirira mawu awo amene atayika. Ndinayamba kufunafuna mawu owatonthoza, zija za kuti Mulungu ndi wamkulu, adokotala anati mudikire.

Anandikoka malaya.

"Aphunzitsi, amenewo si ine. Amenewo ndi amayi anga."

Anandiuza monong'ona, akupumira m'njira. Mayi awo anamwalira iwo ali ndi mwana mmodzi yekha. Analibe chithunzi ngakhale chimodzi. Ali kamtsikana, akamabweretsa phala kudambo, ankaima pamalo ngati pomwepa n'kumva mayi awo akuingitsa mbalame, mawu omwewa, kugwedera komweku, nyimbo yomweyi.

"Ndakhala ndikuyesa kuwakumbukira mmene ankamvekera, osatheka. Ndinkati ndinawataya. Kani ndinkayenda nawo pakhosi pano."

Sindichita manyazi kunena kuti nanenso ndinalira.

"Nanga mawu anu akapanda kubwerera, mayi?" ndinafunsa patapita nthawi, funso lopusa la munthu wophunzira.

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, maso ali kudambo.

"Akabwera, abwere. Akapanda kubwera, basi. Koma khadi ija musadzaichotsemo kanthu."

Tinakhala pansi pa mgwalangwa mpaka ola lonse linatha.

Amayi anga ine ali moyo ku Ntchisi. Akamaitana nkhuku madzulo, mudzi wonse umadziwa kuti kwada. Zaka zisanu ndi zinayi ndajambula makwaya a anthu osawadziwa, koma iwo sindinawajambulepo ngakhale kamodzi.

Nanga inu, mawu a amayi anu munawasunga kuti?